Madayisi M'kalasi ya Masamu: Mafunso ndi Mayankho pa Kaphunzitsidwe ka Probability ku Sekondale

Mafunso ali m'munsimu ndi amene aphunzitsi a masamu amakonda kufunsa akamva kuti mutu wa probability (masamu oyeza mwayi woti chinthu chichitike) umalowa bwino ana akagwira okha madayisi, kusiyana ndi pamene mphunzitsi yekha ndiye wagwira choko. Poyankha ndaganizira kwambiri anzathu a m'ma CDSS, kumene ana amakhala atatu kapena anayi pa desiki imodzi ndipo ndalama yogulira zipangizo imasowa.

Fomula ili kale m'buku. Madayisi ndi a chiyaninso?

Fomulayo mwana amailoweza pa mphindi zochepa: werenga njira zimene chinthu ukufunacho chingachitikire, ugawe ndi njira zonse zimene zilipo. Vuto silili pamenepo. Mwana amalowa m'kalasi ali kale ndi chikhulupiriro chake pa nkhani ya mwayi, ndipo sanachitenge kwa inu. Anachitenga pa ludo, tsiku limene anakhala akudikira sikisi kuti atuluke m'nyumba, anzake akuzungulira bolodi. Kuyambira pamenepo mumtima mwake sikisi ndi nambala yovuta kuposa zinzake. Pa mayeso alemba 1/6 chifukwa ndi zimene munamuuza, koma mukamufunsa panja kuti pakati pa 2 ndi 6 ndi iti imavuta kutuluka, ayankha mosakayika kuti 6.

Choko sichifika kumene kwakhala chikhulupiriro chimenechi. Chimene chimafikako ndi kumulola mwana anene maganizo ake poyera, awalembe m'kope, kenako aponye yekha dayisi n'kuona kuti zimene ananena sizikugwirizana ndi zimene zatuluka. Akadabwa, ndiye kuti khutu latseguka. N'chifukwa chake pa ntchito iliyonse ili m'munsimu dongosolo ndi limodzi: ayambe alosera, kenako aponye, kuwerengera kubwere pomaliza. Mukayamba ndi kuwauza yankho, madayisi asanduka zoseweretsa basi.

Komanso masamu amenewa anabadwira pa madayisi pomwepo. Gerolamo Cardano, dokotala wa ku Italy amene anakhala ndi moyo kuyambira 1501 mpaka 1576, analemba za mawerengedwe a masewera a mwayi, ndipo zolemba zakezo zinasindikizidwa mu 1663, mwini wake atamwalira kalekale. Tikapereka dayisi kwa mwana tikumudutsitsa njira imene anadutsa oyambitsa phunziroli.

Pasukulu pathu palibe dayisi ngakhale imodzi. Nditani?

Yambani mwafunsa ana omwewo. M'kalasi yaikulu simulephera kupezeka ochepa amene ali ndi ludo kunyumba. Akapanda kukwanira, pensulo ya mbali 6 imagwira ntchito yomweyo: lembani manambala 1 mpaka 6 pa mbali zake ndi cholembera, ana aziigubuduza pa desiki n'kuwerenga nambala imene yakhala pamwamba. Kalipentala wa pamsika akhozanso kukudulirani timatabwa ta mbali zofanana kuchokera ku zidutswa zimene akanataya. Pojambula madontho tsatirani dayisi yeniyeni, imene mbali zake zoyang'anizana zimakwana 7 mukaziphatikiza: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4.

Madayisi oumba ndi dothi kapena osema ku sopo amakhala opendekeka, ndipo amakondera mbali ina. Musawataye. Asungeni padera, ali ndi phunziro lawo limene ndafotokoza kumunsiku. Chinthu chimodzi chokha musachinyozere: pa ntchito za madayisi awiri, awiriwo azisiyana mtundu. Ngati onse ndi oyera, detsani imodzi ndi inki.

Tsiku loyamba ndiyambire pati?

Pa dayisi imodzi. Lembani pa bolodi funso ili: tikaponya dayisi ka 60, nambala iliyonse ituluka kangati? Mwana aliyense alembe yekha, osaonera mnzake. Kenako funsani kuti ndi angati apatsa sikisi chiwerengero chochepa kuposa zinzake, muwerenge manja, mulembe pambali pa bolodi. Musanene kanthu, nkhope yanunso isaulule.

Agaweni m'magulu, gulu lililonse liponye ka 60 n'kumalemba timitengo pa nambala imene yatuluka. Magulu akamaliza, mlembi wa gulu lililonse abwere adzalembe zotsatira zawo pa tebulo limodzi lalikulu pa bolodi, mzere umodzi gulu limodzi. Pamenepa kalasi imayamba kulongolola yokha, chifukwa gulu lina lapeza sikisi ka 6, lina ka 14, ndipo lililonse likuona ngati linzake labera. Alekeni akangane pang'ono. Kenako phatikizani magulu onse. Ngati magulu ali 10, ndiye kuti kalasi yaponya ka 600, ndipo nambala iliyonse idzakhala pafupi ndi 100. Auzeni agawe chiwerengero cha sikisi ndi 600, ayerekeze ndi 1/6, imene ndi pafupifupi 0.167. Pomaliza bwererani ku manja aja munawerenga poyamba, mufunse eni ake kuti tsopano akuti bwanji.

Gulu lina likapeza sikisi ka 14 m'malo mwa ka 10, ndinene kuti lalakwitsa?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amawonongera phunziro mosadziwa. Mukanena kuti "munayenera kupeza 10", mwana amamva kuti 1/6 ndi lonjezo, kuti pa maulendo 6 aliwonse sikisi iyenera kuoneka kamodzi. Ena amafika posintha manambala m'kope kuti akusangalatseni. Pa maulendo 60, kupeza sikisi ka 6 kapena ka 14 ndi zinthu zochitika tsiku lililonse. Chodabwitsa chikanakhala gulu kupeza nambala iliyonse ka 10 ndendende.

Chimene ana ayenera kuona ndi ichi: pa maulendo ochepa zotsatira zimalumphalumpha, koma maulendo akamachuluka gawo la sikisi limakhazikika pafupi ndi 1/6. Njira yabwino yoonetsera ndi kuphatikiza magulu pang'onopang'ono. Werengerani gawo la sikisi pa gulu loyamba lokha, kenako magulu awiri pamodzi, kenako atatu, mpaka onse, ana azijambula girafu. Mzerewo umayamba ndi kukwera n'kutsika kwambiri, kenako umafatsa. Zili ngati kuweruza nkhokwe: chitsononkho chimodzi chofumbwa sichikuuzani za chimanga chonse, koma mukasolola zambiri mbali zosiyanasiyana mumayamba kudziwa mmene zilili.

Jacob Bernoulli wa ku Basel ndiye anatsimikizira mfundo imeneyi mwa masamu, ndipo ntchito yake inatuluka mu 1713. Ana amakondanso nkhani ya John Kerrich, katswiri wa masamu wa ku South Africa amene nkhondo inamupeza ku Copenhagen mu 1940 n'kutsekeredwa m'kampu ku Denmark. Ali m'menemo anaponya ndalama yachitsulo ka 10,000, ndipo mbali ya mutu inatuluka ka 5,067. Funsani ana: kodi 67 yopitirira pa 5,000, amene ndi theka la maulendowo, ndi yambiri kapena yochepa? Akagawa ndi 10,000 n'kupeza 0.5067, ayankha okha. Onetsetsani kuti azindikira kuti chimene chimayandikira theka ndi gawolo, osati kuti chiwerengero cha mutu ndi cha mbali inayo zidzafanana tsiku lina.

Ndi sewero liti la madayisi awiri limene limagwira bwino ntchito?

Mpikisano wa njinga. Jambulani pa bolodi misewu 12, iliyonse yogawidwa m'mabokosi 8 kapena 10, ndipo mumsewu uliwonse muli kabaza wake, kuyambira nambala 1 mpaka 12. Mwana aliyense asankhe kabaza amene akuganiza kuti afika koyamba, alembe m'kope. Kenako ana awiri aziponya madayisi, kalasi iziphatikiza manambala awiriwo. Akatuluka 3 ndi 5, kabaza nambala 8 asuntha bokosi limodzi.

Nthawi zonse pamapezeka wina wosankha nambala 1, ena 12 chifukwa ndi yaikulu, ena nambala ya tsiku lawo lobadwa. Wa nambala 1 uja mudzamuona akuyamba ndi chidwi, kenako nkhope ikugwa, kenako akukuwa kuti "Aphunzitsi, yangayi singayende!" Musamuseke ndipo musalole anzake amuseke. Muitaneni afotokozere kalasi chifukwa chake. Akanena kuti chochepetsetsa ndi 1 kuphatikiza 1, wapeza yekha tanthauzo la probability ya 0, ndipo sadzaiwalanso.

Chitani mpikisanowu kawiri kapena katatu, mukuwalola kusintha kabaza. Mudzaona onse akukhamukira pakati, pa 6, 7 ndi 8. Apo ndiye mufunse kuti n'chifukwa chiyani, ndipo tebulo la mabokosi 36 libwere ngati yankho la funso lawo: dayisi yofiira m'mbali, yoyera pamwamba, m'bokosi lililonse zophatikiza. Awerenge okha. 7 ili ndi njira 6, 6 ndi 8 zili ndi njira 5 iliyonse, 5 ndi 9 zili ndi 4, 4 ndi 10 zili ndi 3, 3 ndi 11 zili ndi 2, pomwe 2 ndi 12 zili ndi njira imodzi yokha iliyonse. Zonse pamodzi 36.

Zikachitika kuti 6 kapena 8 wapambana 7, musade nkhawa. Kusiyana kwa 6/36 ndi 5/36 n'kochepa, ndipo pa msewu waufupi wa 7 akhoza kugonja. Funsani ana kuti zikanatha bwanji msewu ukanakhala wa mabokosi 1,000.

Ana akukana kuti 2 ndi 5 n'zosiyana ndi 5 ndi 2. Ndiwathandize bwanji?

Apa khalanipo nthawi, chifukwa pagona mutu wonse. Mwana amaona madayisi awiri ofanana patebulo, wina 2 wina 5, ndipo kwa iye chachitika ndi chinthu chimodzi. Akawerenga motero amapeza njira 21, osati 36. Ena amangoti zophatikiza zimayambira 2 kulekeza 12, choncho zilipo 11 ndipo iliyonse ndi 1/11.

Musatsutse ndi pakamwa. Perekani dayisi yofiira kwa mtsikana, yoyera kwa mnyamata, aime kutsogolo. Funsani kalasi: kuti tipeze 11, mtsikanayu apeze chiyani, mnyamatayu chiyani? Anena kuti iye 5, uyo 6. Pali njira ina? Iye 6, uyo 5. Nanga kuti tipeze 12? Onse awiri sikisi, palibenso njira ina. Kenako gulu lililonse liponye madayisi awiri ka 72, lizilemba 11 ndi 12 zokha, muphatikize za kalasi yonse. 11 idzaoneka pafupifupi kawiri kuchuluka kwa 12. Mukatero bwerezani ndi madayisi a mtundu umodzi, muwafunse ngati inki ija inkasintha kagwedwe ka dayisi.

Ndimawauza ana kuti kusokonezeka pamenepa si umbuli. Gottfried Leibniz, mmodzi mwa anthu awiri amene anayambitsa calculus, analemba kuti kupeza 11 ndi kupeza 12 ndi madayisi awiri n'kophweka mofanana, ndipo anaphonya pa chifukwa chomwechi. Galileo naye anafunsidwapo funso la mtundu womwewu pa madayisi atatu: bwanji 10 imatuluka kawirikawiri kuposa 9, pomwe zonse ziwiri zimapangidwa ndi magulu 6 a manambala? Anawerenga njira zonse 216 n'kupeza kuti 10 ili ndi njira 27, pomwe 9 ili ndi 25. Chinsinsi chili pa 3, 3, 3, imene imachitika m'njira imodzi yokha, pomwe manambala atatu osiyana ngati 1, 3, 6 amasinthana malo m'njira 6. Ana ochangamuka a Fomu 4 apatseni limeneli akachite kunyumba, musawauziretu 27 ndi 25.

Mwana akunena kuti sikisi yachedwa, ndiye tsopano ituluka basi. Ndimuyankhe bwanji?

Mufunseni kuti dayisi imasunga kuti zimene zinatuluka kale. Funsoli limaseketsa koma silikwanira, chifukwa maganizo amenewa ngozama, akuluakulu omwe ali nawo. Pa 18 Ogasiti 1913, ku nyumba ya juga ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette, sewero la gudumu lozungulira lokhala ndi timabokosi tofiira ndi takuda, kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri akubetcherana pa wofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana.

Ntchito yothandiza ndi iyi. Gulu lililonse lilembe manambala onse motsatana mmene akutulukira, maulendo 100. Kenako lifufuze malo onse pamene padutsa maulendo 5 otsatizana opanda sikisi, lizunguze nambala yotsatira. Phatikizani za kalasi yonse, muwerenge kuti mwa manambala ozungulizidwawo masikisi ndi angati. Gawo lake likhalabe pafupi ndi 1/6. Kudikira sikunawonjezere kanthu.

Onjezani kawerengedwe aka: mwayi woponya ka 10 osapeza sikisi ndi 5/6 kuchulukitsa yokha ka 10, pafupifupi 0.16. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 60, aliyense akaponya ka 10, ana pafupifupi 10 sadzaiona sikisi ngakhale kamodzi. Yesani, aimirire amene sanaipeze. Mwana amene ankadziona watsoka pa ludo amapepukidwa akaona anzake ataima naye.

Makolo kapena ahedi sadzati ndikuphunzitsa ana juga?

Akhoza kutero, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, musaipeputse. Auzeni ahedi musanayambe, muwaonetse pamene mutuwu uli m'silabasi, ndipo ngati n'kotheka aitaneni adzaonere phunziro limodzi. M'kalasi musalowe ndalama ngakhale ya tambala. Ngati pafunika zowerengera, nyemba kapena timiyala zikwanira.

Koma ine maganizo anga ndi akuti phunziroli ndi limene likufunika kwambiri masiku ano, pamene kubetcha mpira kwalowa mufoni ndipo anyamata ambiri akukudziwa asanamalize sukulu. Kungowauza kuti juga ndi yoipa amva kale kutchalitchi, kumzikiti ndi kunyumba. Chimene sanaonepo ndi masamu a mwini juga. Aonetseni. Gulu lililonse likhale ndi "mwini sewero" mmodzi. Wosewera amapereka nyemba imodzi kuti aponye, ikatuluka sikisi alandira nyemba 5. Poyamba ana amaona ngati ndi mwayi waukulu, imodzi kubweza zisanu. Aponye ka 60. Wosewera wapereka nyemba 60, walandira pafupifupi 50. Magulu ena wosewera apambana, n'zoona, koma mukaphatikiza kalasi yonse eni sewero ndiwo atsala ndi mulu. Funsani kuti mphotho ikanakhala nyemba zingati kuti pasakhale wodyera mnzake. Akapeza kuti 6, afunseni chifukwa chake palibe kampani imene ingalipire 6.

Kenako tengani tikiti ya masewero 10 a mpira. Tingoyerekeza kuti pa sewero lililonse mwayi wolosera molondola ndi theka. Kuti onse 10 alowe, ndi 1/2 kuchulukitsa yokha ka 10, kutanthauza 1 pa 1,024. Ngati ukungolotera pakati pa kupambana, kugonja ndi kufanana mphamvu, ndi 1 pa 59,049. Lembani nambala imeneyi pa bolodi ndi zilembo zazikulu, muisiye pomwepo tsiku lonse.

Kalasi yanga ili ndi ana oposa 80 ndipo piriyodi ndi mphindi 40. Zitheka?

Zitheka, ndipo pa mutu uwu wokha kuchuluka kwa ana ndi phindu, chifukwa kalasi yaikulu imasonkhanitsa maulendo 1,000 pa mphindi zochepa. Chofunika ndi kukonzeratu. Tebulo la pa bolodi lijambulidwe ana asanalowe. M'gulu aliyense akhale ndi ntchito: woponya, wotchula nambala, wolemba timitengo, wowerenga kuti afika maulendo angati. Azisinthana pakatikati, apo ayi anyamata alanda dayisi ndipo atsikana atsala ndi kope.

Dayisi ikamagwa pansi nthawi imathera kuifunafuna pansi pa madesiki. Iikeni m'kabotolo koonekera ka pulasitiki ka kukamwa kwakukulu, mutseke. Mwana azigwedeza n'kuika pa desiki, awerenge kudzera m'botolomo. Phokoso limachepa, dayisi sisowa. Kuponya kusadye mphindi zoposa 12. Zotsalazo ndi za kukambirana, ndipo belu likalira ana akuponyabe, tsikulo lapita pachabe.

Pali sewero lina loti ana aone ngati lili lachilungamo?

Lilipo, ndipo ndimalikonda chifukwa limanyenga maso. Ana awiri aponye madayisi awiri, achotse nambala yaing'ono ku yaikulu. Zotsala zikakhala 0, 1 kapena 2, woyamba wapata. Zikakhala 3, 4 kapena 5, wachiwiri wapata. Aliyense ali ndi manambala atatu, choncho kalasi yonse imavomera kuti palibe kukondera. Pakatha maulendo 30 wachiwiri amayamba kudandaula.

Ajambule tebulo la mabokosi 36 lija, ulendo uno alembemo zotsala. 0 ili ndi njira 6, 1 ili ndi 10, 2 ili ndi 8, 3 ili ndi 6, 4 ili ndi 4, 5 ili ndi 2 zokha. Woyamba ali ndi mabokosi 24, wachiwiri 12. Ntchito yokoma ndi yotsatira: agawenso manambalawo kuti aliyense akhale ndi mabokosi 18. Ena apeza kuti 1 ndi 2 kwa mmodzi, zotsala kwa winayo, zikwana. Ena apeza kuti kugawa odd ndi even kukwananso. Mwana wopanga yekha sewero lachilungamo wamvetsa sample space, kutanthauza njira zonse zimene zingatuluke, kuposa amene wangoyankha mafunso 20 a m'buku.

Zonsezi zikuthandiza bwanji pa mayeso a MSCE?

Ndi funso loyenera, chifukwa a MANEB sadzapereka dayisi m'chipinda cha mayeso. Chimene mwana amapita nacho m'menemo ndi chizolowezi cholemba njira zonse asanayankhe. Choncho sewero lililonse lizithera m'kope: tebulo, fraction, ndi funso limodzi kapena awiri olembedwa m'Chingerezi cha pa mayeso. Musasiye sewero lili palokha tsiku lina, mafunso a mayeso palokha sabata yotsatira.

Tree diagram, chojambula cha nthambi choonetsa njira zonse ulendo ndi ulendo, imabweranso mosavuta kuchokera ku dayisi. Ulendo woyamba nthambi ziwiri, sikisi 1/6 ndi yosakhala sikisi 5/6. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi pa nthambi iliyonse. Ana afananize ndi tebulo la mabokosi 36: masikisi awiri ndi bokosi limodzi, opanda sikisi ndi mabokosi 25, okhala ndi sikisi imodzi kapena ziwiri ndi 11. Ambiri amalosera 12, poganiza kuti 1/6 kuphatikiza 1/6. Alozereni bokosi la 6 ndi 6 limene aliwerenga kawiri.

Pamenepa ndi poyenera nkhani ya Chevalier de Méré wa ku France, amene mafunso ake a juga anafika kwa Blaise Pascal, n'kukhala gawo la zimene Pascal ndi Pierre de Fermat analemberana m'makalata mu 1654. Kubetcha kuti sikisi ioneka pa maulendo 4 a dayisi imodzi kumaoneka kofanana ndi kubetcha kuti masikisi awiri aoneka pa maulendo 24 a madayisi awiri, popeza 4 kuchulukitsa 1/6 ndi 24 kuchulukitsa 1/36 zonse zimapereka 2/3. Koma kuchulukitsa koteroko n'kolakwika. Funsani ana kuti ngati n'kolondola, maulendo 7 apereka chiyani. Apeza 7/6, chinthu chosatheka. Njira yolondola ndi kuwerengera mwayi wosapeza n'komwe, n'kuchotsa ku 1. Kubetcha koyamba kumapereka 671/1296, pafupifupi 0.518, kwachiwiri pafupifupi 0.491. Kusiyana kochepa chotere simungakuone poponya mu piriyodi imodzi, ndipo auzeni ana poyera kuti apa dayisi yafika polekezera, pepala ndi cholembera ndizo zingaweruze.

Tingadziwe bwanji kuti dayisi ikukondera?

Tulutsani madayisi a dothi ndi a sopo aja. Gulu lina lipatseni yogula, lina youmba, aponye ka 120 kapena kuposa, alembe pa bolodi osanena kuti ndi iti. Kalasi ilote. Ngati mbali ina yatuluka ka 45 pa 120 pomwe timayembekezera 20, palibe wokayika. Ikatuluka ka 25, mkangano umabuka, ndipo yankho lanzeru ndi lakuti tiponyenso kambiri. Bokosi la machesi ndi chitsekerero cha botolo zimaphunzitsa zomwezo: zili ndi mbali zowerengeka koma mwayi wake si wofanana, choncho fomula ya m'buku siigwira ndipo kuyesa kokha ndiko kungatiuze.

Madayisi ogula omwe si angwiro. Mu 1894 Walter Weldon wa ku England anaponya madayisi 12 pamodzi ka 26,306. Pa madayisi 315,672 amene anagwa, 5 kapena 6 inatuluka ka 106,602, pomwe gawo limodzi la magawo atatu ndi 105,224. Karl Pearson anagwiritsa ntchito manambala amenewa mu 1900 poonetsa kuti kusiyanako n'kwakukulu kuposa kumene mwayi wokha ungabweretse. Chifukwa chimene ambiri amapereka ndi chakuti madontho ogoba amapepukitsa mbali za 5 ndi 6, motero zimakhala pamwamba kawirikawiri pang'ono. Ana amene ankati sikisi ndi yovuta amadabwa kumva kuti pa madayisi a Weldon inali m'gulu la zosavuta.

Kodi madayisi angaphunzitse mutu wonse?

Ayi. Dayisi ikaponyedwa imabwerera mmene inalili, mbali zake zonse 6 zilipobe, choncho singaonetse zimene zimachitika ukatenga chinthu osachibwezera. Ana ozolowera madayisi okha amachulukitsa fraction yomweyo kawiri ngakhale funso lanena kuti without replacement (osabwezera), ndipo amataya malikisi pamenepo.

Pa gawo limeneli sinthani chipangizo. Ikani m'kathumba kosaonekera nyemba 3 zofiira ndi 2 zoyera, zofanana kukula. Mwana atenge imodzi, aigwire m'manja, kenako mufunse kalasi kuti m'thumba mwatsala zingati ndipo zofiira ndi zingati. Akatenga yofiira n'kuibwezera, mwayi wa zofiira ziwiri ndi 3/5 kuchulukitsa 3/5, kutanthauza 9/25. Akapanda kubwezera ndi 3/5 kuchulukitsa 2/4, kutanthauza 3/10. Theka la magulu lichite mobwezera, theka linalo mosabwezera, ka 50 gulu lililonse, muphatikize mbali iliyonse payokha n'kuyerekeza ndi 0.36 ndi 0.30. Manambala awiriwa ndi oyandikana, choncho ngati magulu ndi ochepa chepetsani nyemba zikhale 2 zofiira ndi 1 yoyera. Apo kubwezera kupereka 4/9, kusabwezera 1/3, ndipo kusiyanako kuoneka pa bolodi belu lisanalire.